Bwalo la Ndege la Chileka ndi Mbiri ya Njira Zake

Nthawi ndi nthawi timamva pa wailesi kapena kuwerenga m'nyuzipepala kuti kampani yakutiyakuti yatsegula njira yatsopano ya ndege yodzera pa Chileka. Tsiku lotero akuluakulu amasonkhana pabwalopo, ndege imalandiridwa ndi magule, ndipo olankhula amalonjeza kuti malonda adzakula ndi kuti alendo adzachuluka. Zimenezi ndi zokondweretsa ndithu. Koma mphunzitsi wa mbiri ali ndi udindo wofunsa funso limene silifunsidwa pa tsiku la chikondwerero, ndilo lakuti: kodi njira zimene zinatsegulidwa kale zinapita kuti? Pakuti pa zaka zoposa 90 zapitazi njira zambiri za ndege zatsegulidwa m'dziko muno. Zina zakhalitsa, zina zinafa zisanathe zaka ziwiri. M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya njirazo, kuti tione chimene chimasunga njira ya ndege ndi chimene chimaipha.

Za mawu atatu

Tisanalowe m'mbiriyi ndi bwino tiyambe taona mawu amene tikugwiritsa ntchito. Liwu lakuti ndege si la makolo athu ayi. Linachokera ku Chiswahili, kumene tanthauzo lake loyamba ndi mbalame. Liwu lakuti bwalo ndi lathulathu: ndi malo aja osesedwa bwino pakati pa mudzi, pamene amaweruzirapo milandu ndi kuvinirapo magule. Anthu ataona malo aakulu olambulidwa kuti ndege ziziterapo, sanavutike ndi kufuna dzina lachilendo, anangoti bwalo la ndege. Ndipo tiona kutsogoloku kuti dzinali linagwa pake, pakuti milandu ina ikuluikulu ya dziko lino inayambira pa Chileka pomwepo.

Liwu lachitatu ndi njira. Mwana aliyense wa kumudzi adziwa kuti njira ya kuchitsime silimidwa ndi khasu; imalambulidwa ndi mapazi a anthu opita kukatunga madzi. Chitsime chikaphwa anthu amaleka kudzerako, ndipo mvula ikagwa kawiri udzu umatseka njirayo. Mumlengalenga simumera udzu, komabe lamulo lake ndi lomwelo. Njira ya ndege imakhala ndi moyo pokhapokha ngati kumathero kwake kuli chitsime, ndiko kuti chinthu chimene anthu amachifuna kawirikawiri, nalola kulipira mtengo wa ulendowo. Tsono pa njira iliyonse imene titchule, owerenga adzifunse kuti chitsime chake chinali chiyani.

Khomo lotulukira

Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo chiyambire kale vuto lake lalikulu lakhala la khomo lotulukira. Azungu a mishoni atakhazikika ku Blantyre mu 1876, ndi a malonda pambuyo pawo, katundu ndi makalata awo ankadzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire pa sitima za pamadzi, ndipo kuchokera kudera la Chikwawa amtengatenga ankasenza katunduyo pamutu kukwera naye mapiri. Madzi a Shire atachepa, anamanga njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1922 njanji ina yochokera cha ku Beira inafika kutsidya la Zambezi, koma mlatho panalibe kufikira mu 1935. Pa zaka zonsezo munthu wopita ku Beira ankatsika sitima ya pamtunda, naoloka mtsinje pa sitima ya pamadzi, nakweranso sitima ina kutsidya. Ndipo madzi akasefukira kapena akachepa kwambiri ulendo unkachedwa.

Ndi m'masiku amenewo, mu 1931, pamene Bambo C. J. Christowitz, amene anali ndi ntchito yonyamula katundu pa malole ku Blantyre, anayambitsa ulendo wa ndege pakati pa Blantyre ndi Beira. Kandege kawo kanali kakang'ono, konyamula anthu awiri kapena atatu ndi thumba la makalata, koma ulendo umene pa sitima unkadya usana ndi usiku unayamba kutha m'maola owerengeka. Chitsime cha njira imeneyi chinali doko la Beira, kumene sitima zazikulu za ku Ulaya zinkakocheza.

Chaka chotsatira, mu 1932, kampani ya Angerezi ya Imperial Airways inatsegula njira yaitali yochokera ku London kupita ku Cape Town. Njirayo inadzera ku Mbeya, Mpika, Broken Hill (lero Kabwe) ndi Salisbury (lero Harare), nilambalala Nyasaland chakumadzulo. Chotero kuti kalata ya ku Blantyre ikwere ndege yaikuluyo, inayenera kuyamba yafika ku Salisbury. Mu 1933 kunabadwa kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, imene mu 1934 inatenga ntchito ya Bambo Christowitz. M'zaka zomwezo bwalo la Chileka linalambulidwa. Blantyre ndi mzinda wa pakati pa mapiri, Ndirande, Soche ndi Michiru, ndipo chiperoni chikabwera nkhungu imaphimba zitunda zake. Chileka ili kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, pafupifupi mamailosi 10, pamalo otsika ndi athyathyathya, ndipo malo otero ndiwo amene ndege imafuna.

Tione kuti m'masiku oyambawo apaulendo anali ochepa kwambiri. Chimene chinkasunga njira ndi makalata, popeza kalata ndi yopepuka, imafunidwa msanga, ndipo Boma linkalipira kuti inyamulidwe sabata ndi sabata, kaya mipando yadzaza kaya ayi.

Masiku a Central African Airways

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, maboma atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anapangana kukhala ndi kampani imodzi ya ndege. Kampaniyo, Central African Airways, inayamba ntchito mu 1946, ndipo pa magawo 100 alionse a chuma chake Southern Rhodesia inali ndi 50, Northern Rhodesia 35, Nyasaland 15. Likulu lake linali ku Salisbury. Manambala amenewa akutiuziratu kumene njira zinkaloza. Munthu wa ku Blantyre wofuna kupita ku Johannesburg kapena ku Ulaya kawirikawiri ankayamba wapita ku Salisbury, nakasintha ndege kumeneko. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953 njira imeneyi inakula koposa, chifukwa nyumba ya malamulo ya Chitaganya, maofesi aakulu ndi malikulu a makampani ambiri zinali ku Salisbury. Mu 1956 kampaniyi inalandira ndege zatsopano za Viscount, za injini 4. M'kati mwa dziko munkauluka tindege ta Beaver, timene tinkatera pa mabwalo a dothi monga ku Mzimba, ku Mzuzu ndi ku Karonga, ndipo tinali tothandiza kwambiri m'dzinja pamene misewu ya kumpoto inkadukaduka.

M'zaka zomwezo kunachitika chinthu china kunyanja chimene chili ndi phunziro lalikulu pa nkhani yathu. Kampani ya Angerezi ya BOAC inali ndi ndege zotera pamadzi, zotchedwa Solent, zimene zinkachoka ku Southampton kupita ku dziwe la Vaal pafupi ndi Johannesburg. Mu November 1949 zina mwa ndegezo zinayamba kutera pa nyanja yathu ku Cape Maclear, kumene kunali hotela yolandira apaulendo. Kwa nthawi yoyamba munthu akanatha kukwera ndege m'dziko muno ndi kukatsikira ku England osasintha. Koma akulu anati mlendo ndi mame. Patangotha chaka chimodzi, chakumapeto kwa 1950, BOAC inaleka ndege zake zonse zotera pamadzi, chifukwa ndege zotera pamtunda zinali zaliwiro ndi zosadya ndalama zambiri. Mu 1952, pamene ndege ya Comet inatsegula ulendo woyamba wa jeti wonyamula anthu kuchokera ku London kupita ku Johannesburg, inaima ku Entebbe ndi ku Livingstone, osati kwathu kuno. Hotela ya ku Cape Maclear nayonso siinakhalitse. Njira imeneyi inalibe chitsime chake m'dziko muno. Ndege zinkangopumirapo popita kwina, ndipo zitapeza popumira pena zinatileka.

Ndege za Wenela

Mabuku ambiri onena za ndege amadumpha mutu uno, komabe ndiwo umene unakhudza mabanja ochuluka koposa. Kuyambira kale amuna a dziko lino ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya golide ya ku South Africa, kumene anthu ankangoti ku Joni. Oyamba ankayenda pansi masabata ambiri, ena nafera m'njira, ena nakhaliratu komweko nasanduka matchona. Bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodiko linali Witwatersrand Native Labour Association, limene pakamwa pa anthu linasanduka Wenela. Dzinali lidakalipo ku Blantyre pa malo okwerera mabasi, ngakhale ana ambiri okwera basi pamenepo sadziwa kumene linachokera.

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 Wenela inayamba kunyamula anthu ake pa ndege zakezake. Mnyamata akalembedwa ndi kupimidwa m'thupi, ankakwera ndege pa Chileka kapena ku Lilongwe kupita ku Francistown m'dziko la Bechuanaland, limene lero ndi Botswana, ndipo kumeneko ankakwera sitima ya pamtunda kukafika ku migodi. Nthawi ya pangano ikatha ankabwera njira yomweyo. Tinganene mosakayika kuti unyinji wa anthu a dziko lino amene anayamba kuona mitambo ili pansi pawo sanali olemera kapena ophunzira. Anali anyamata a m'midzi ofuna ndalama za msonkho, za bulangete ndi za njinga. Pofika mu 1973 Amalawi a ku migodi ya ku South Africa anali oposa 100,000.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inanyamuka ku Francistown kubwera ku Blantyre ndi anthu 84, ambiri a iwo obwerera kwawo atatsiriza pangano. Itangonyamuka injini zake zinayamba kuvuta, ndipo inagwa niyaka moto. Anthu 78 anafa, ndipo oposa 70 mwa iwo anali Amalawi. Ofufuza anapeza kuti mafuta amene anathiridwa m'ndegemo anali osakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti, amene injini zotere sizigwira nawo ntchito. Dr. Banda analetsa pomwepo kulemba anthu, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira ambiri anabwerera kumudzi. Mu 1977 kulemba kunayambanso, koma kwa anthu ochepa, pansi pa dzina latsopano limene anthu analitchula Theba, mpaka kunatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a anthu ofuna ntchito. Njira imeneyi inali ndi chitsime chakuya, koma chitsimecho chinali cha eni ake, ndipo katundu amene tinkatumiza anali mphamvu za ana athu.

Bwalo la milandu ya dziko

Popeza Chileka ndi pamene panali khomo, zinthu zazikulu za ndale zinkaonekera pomwepo. Chakumapeto kwa June 1958 khamu la anthu linasonkhana pabwalopo litamva kuti Dr. Hastings Kamuzu Banda afika, ndipo litaona kuti m'ndegemo mulibe, ena analowa mpaka pamene ndege inaima. Patatha sabata, pa 6 July 1958, iwo anafikadi, atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo anthu zikwizikwi anawalandira.

Chaka chotsatira bwalo lomwelo linagwira ntchito yosiyana. Mu February 1959 ndege zinatsitsa asilikali ochokera ku Southern Rhodesia. Anthu a Congress anazindikira msanga kuti bwalo la ndege ndi khomo la asilikali, ndipo ku Fort Hill, kumene lero ndi Chitipa, anatseka bwalo la kumeneko kuti ndege zisatere. M'bandakucha wa pa 3 March 1959 Bwanamkubwa analengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti, Dr. Banda anagwidwa kunyumba kwawo ku Limbe, natengedwa kupita ku Chileka, nakwezedwa ndege yopita ku ndende ya ku Gwelo, lero Gweru. Anamasulidwa pa 1 April 1960, nabweranso pa ndege. Ndipo dziko litangolandira ufulu pa 6 July 1964, m'mwezi womwewo, pobwera kuchokera ku msonkhano wa atsogoleri a Africa ku Cairo, iwo analankhula pa Chileka mawu odzudzula ena mwa nduna zawo pamaso pa anthu. Mawuwo ndiwo anaonetsa poyera mkangano umene mu September 1964 unagawa nduna za Boma, ena nathawira kunja.

Air Malawi ndi njira ya ku London

Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, Air Malawi inabadwa mu 1964 ngati mwana wa Central African Airways, ndipo mu 1967 kholo litathetsedwa inaima payokha, monganso Zambia Airways ndi Air Rhodesia. Zaka zotsatira zinali za ulemerero wa Chileka, ndipo chifukwa chake tiyenera kuchimvetsa bwino. Mu November 1965 Azungu a ku Rhodesia anadzilengeza okha kuti ali pa ufulu, ndipo maiko ambiri anadula ubale nawo. Maiko ambiri a Africa analetsanso ndege za South Africa kutera kwawo chifukwa cha tsankho. Koma Malawi anasunga njira zake za kumwera, ndipo mu 1967 anakhazikitsa ubale wa akazembe ndi South Africa. Chotero munthu wochoka ku Johannesburg kapena ku Salisbury wofuna kupita ku Nairobi ankapeza kuti Blantyre ndi pamalo pabwino posinthira ndege. Mipando inkadzaza ndi anthu amene m'Malawi analibe nawo ntchito.

Mu 1974 Air Malawi inagula ndege yaikulu ya VC10 kwa kampani ya British Caledonian, ndipo mu December chaka chomwecho inatsegula njira yochoka pa Chileka kudzera ku Nairobi kukafika ku bwalo la Gatwick ku London. Mtundu wa ndegeyi unayenerana ndi bwalo lathu pa chifukwa chimene mphunzitsi angathe kufotokozera ana a Sitandade 7 kapena 8. Ndege imanyamuka chifukwa mapiko ake amatsamira pa mpweya. Mpweya wotentha, ndiponso wa pamalo okwera, ndi wopyapyala, kotero kuti ndege yolemera imayenera kuthamanga mtunda wautali pansi isanadzuke. Pa Chileka ndi potentha, ndipo msewu wake waukulu wa ndege ndi wa mamita opitirira pang'ono 2,300. VC10, ndi injini zake 4 za kumchira, inapangidwira mabwalo otere a ku Africa, aafupi ndi otentha.

Mbendera ya Malawi kuoneka ku London chinali chinthu chonyaditsa. Koma ndegeyi inali imodzi yokha, ndipo inkamwa mafuta ambiri pa nthawi imene mtengo wa mafuta unkakwera pa dziko lonse. Mu 1979 njira ya ku London inatsekedwa, itakhala zaka zosakwana 5. Wogula ndegeyo sanapezeke. Mu 1981 inabwezedwa pa Chileka, nikhala pambali pa bwalo zaka zambiri ikuchita dzimbiri, mpaka inaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1990. Nawo apaulendo odutsa aja anatha pang'onopang'ono, Zimbabwe italandira ufulu mu 1980 ndi South Africa itathetsa ulamuliro wa tsankho mu 1994. Makomo a anzathu atatseguka, panalibenso chifukwa chozungulira kudzera kwathu.

Likulu lisamuka

Mu 1975 likulu la dziko linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Kale nduna, akazembe ndi alendo a Boma onse ankatera pa Chileka, popeza Zomba ili pafupi. Tsopano ntchito yawo inali ku chigawo cha pakati. Mu 1983 bwalo latsopano la Kamuzu linatsegulidwa ku Lumbadzi, ndi msewu wa ndege wa mamita opitirira 3,000, wokwanira ndege zikuluzikulu zimene pa Chileka sizikanatha kunyamuka zitadzaza. Ndege za ku Ulaya zinasamukira kumeneko, ndipo Chileka inatsala ngati nyumba imene mwini wake wakamanga kwina. Pambuyo pake ndege za ku Johannesburg ndi ku Harare zinayambanso kuterapo, chifukwa mafakitale, mabanki ndi malikulu a makampani ambiri anatsalabe ku Blantyre. Madzi saiwala khwawa.

Air Malawi inalimbana ndi ngongole zaka zambiri, ndipo inathetsedwa mu 2013. M'malo mwake munalowa kampani yatsopano, Malawian Airlines, imene pambuyo pake inatchedwa Malawi Airlines. Pokhazikitsidwa, Boma la Malawi linatenga magawo 51 pa 100 alionse, ndipo Ethiopian Airlines inatenga 49. Inayamba kuuluka mu January 2014.

Mu January 2019 panachitika chinthu chimene chinatikumbutsa kuti ulendo wa mumlengalenga umayambira pansi. South African Airways inaimitsa maulendo ake a ku Blantyre kwa kanthawi, oyendera mabwalo a ku South Africa atapeza kuti mpanda wa bwalo unali wogumuka mwina ndi mwina, ndi kuti galimoto zozimitsa moto ndi ambulansi sizinali bwino. M'chaka chomwecho msewu waukulu wa ndege unatsekedwa kwa miyezi ingapo kuti ukonzedwe. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa maulendo kwa miyezi ingapo. Mu September 2023 kampani ya Airlink ya ku South Africa inatsegula njira zake zochoka ku Johannesburg kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mu 2024 Boma linalengeza kuti bwaloli lizitchedwa Bakili Muluzi International Airport, ngakhale pakamwa pa anthu dzina la Chileka lidakalipo.

Kuyesa njira zatsopano

Tsono mbiri yonseyi itipatsa muyeso wotani woyesera njira zatsopano? Pali mafunso atatu.

Loyamba ndi lakuti: okwera ndani, ndipo chitsime chawo chili kuti? Apa Blantyre ili ndi zifukwa zenizeni zoyembekezera zabwino. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzindawu. Muli amalonda opita kukagula katundu ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam, madokotala ndi ofufuza za matenda obwera ku chipatala cha Queen Elizabeth, ndi abale athu ambirimbiri okhala ku South Africa. Basi yodzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge imadya tsiku lathunthu ndi kupitirira, pamene ndege imafika ku Johannesburg m'maola awiri ndi pang'ono. Alendo okaona phiri la Mulanje, minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi nyama za ku Majete ndi ku Liwonde khomo lawo lapafupi ndi Chileka. Zitsime zimenezi ndi zathu, ndipo sizingasamutsidwe monga anasamutsira ndege za ku Cape Maclear.

Lachiwiri ndi lakuti: ndege ikabwera ndi katundu, ibwerera ndi chiyani? Tiyi wa ku Thyolo ndi shuga wa ku Nchalo ndi katundu wolemera wa mtengo wochepa pa kilogalamu, ndipo njira yake ndi ya msewu ndi njanji kupita ku madoko a Beira ndi Nacala. Ndege imafuna katundu wopepuka, wa mtengo wapatali, kapena wosachedwa kuonongeka, monga maluwa, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Ngati alimi ozungulira bwalo alibe zotere, kapena palibe nyumba zoziziritsira katundu, ndege imabwerera m'mimba muli pululu, ndipo mtengo wonse wa ulendo umagwera okwera. Pamenepa palowanso nkhani ya ndalama. Ndege, zipangizo zake ndi mafuta zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 alionse mu November 2023, munthu wolandira malipiro ake m'makwacha anaona tikiti ikumutalikira ngakhale mtunda wa ku Johannesburg sunasinthe.

Lachitatu ndi lakuti: pansi pali bwanji? Utali wa msewu wa ndege ndiwo umalamula kukula kwa ndege zotera pabwalo. Lero munthu wa ku Blantyre wopita ku Ulaya amakasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, monga agogo ake ankasinthira ku Salisbury. Zimenezi si zamanyazi, pakuti ndege yocheperapo yobwera masiku onse ili yodzaza ndi yaphindu koposa yaikulu yobwera kamodzi pa sabata ili theka. Koma ngakhale yaing'onoyo siitera pamene mpanda wagwa, nyali zazima, kapena ozimitsa moto alibe galimoto.

Mawu kwa aphunzitsi

Inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi mudzakaphunzitsa ana amene ambiri a iwo ndege amangoionera m'mwamba. Musaganize kuti mutu uwu uli kutali nawo. Jambulani mapu a Africa pa bolodi, ndipo ndi choko cha mitundu yosiyana lembani mizere yochoka ku Blantyre: wa ku Beira wa 1931, wa ku Salisbury, wa ku Francistown, wa ku London wa 1974, ndi ya masiku ano. Pa mzere uliwonse ana anene chimene chinkanyamulidwa, ndi chifukwa chake mzerewo unafufutika kapena udakalipo. Kenaka atumeni akafunse kwawo ngati m'banja mwawo munali munthu amene anapita ku Wenela kapena ku Theba: anakwera ndege kuti, anabwera ndi chiyani, ndipo ndani sanabwere. Nkhalamba zimene zinayenda maulendo amenewo zikutha, ndipo zimene zikudziwa sizinalembedwe zonse. Mwana akalemba nkhani ya agogo ake m'chinenero chake, waphunzira mbiri, jogalafe ndi Chichewa pa ntchito imodzi.

Pakati pa ana amenewo pali amene mawa adzakhala oyendetsa ndege, okonza injini, alimi a maluwa, ndi aphungu ovomereza ndalama zokonzera mabwalo. Akadzamva kuti njira yatsopano yatsegulidwa pa Chileka, akondwere pamodzi ndi anzawo, koma adzakumbukirenso kufunsa za chitsime chake.